Momwe mungakulungire koyilo ya wailesi ya FM pamanja

Anzanga okonza mawailesi ku Ndirande ndi ku Limbe, chonde musamataye bodi yonse chifukwa choti koyilo yaphwanyika. Zimandiwawa ine, kanthu kameneka ndi waya basi wozunguliza, mutha kupanga nokha.

Choyamba pezani waya wa kopa wopaka vanishi, wa 1 mm ali bwino, mumaupeza mu transifoma yakufa. Muwongoleni bwinobwino asakhale ndi mfundo.

Kenako tengani chitsulo cha dirilo cha 5 mm, kumbali yosalala ija, muzungulize waya ka 5 mothinitsa, mukatero sololani chitsulocho. Tambasulani pang'ono mpaka koyilo italike 8 mm.

Tsopano masamu, apa ndi pomwe ambiri amathawa koma sizovuta ayi. Pali fomula ya Harold Wheeler ya mu 1928 yowerengera inductance (L), kutanthauza mphamvu ya koyilo yosunga maginito, yomwe imayezedwa mu µH (microhenry), mu mamilimita imayenda chonchi: L = d²n² ÷ (457d + 1016l). d ndi kukula kwa bwalo kuyezera pakati pa waya, kwa ifeyo ndi 6 mm chifukwa chitsulo ndi 5 kuphatikiza waya 1, n ndi ma turn, kutanthauza kuchuluka kwa mizungulizo ya waya (kwa ifeyo 5), l ndi kutalika kwa koyilo (kwa ifeyo 8 mm). Ndiye 900 kugawa ndi 10870, tikupeza pafupifupi 0.083 µH. Mukaiphatikiza ndi kapasita ya 30 pF mumagwera pa frequency (nambala ija yomwe siteshoni imapezekerapo pa wailesi) ya cha pa 100 MHz, mkati mwenimweni mwa FM yomwe imayambira 88 kulekeza 108.

Onetsetsani n uja, amadzichulukitsa yekha. Mukakulunga ka 10 m'malo mwa ka 5 pa utali womwewo inductance imakwera kanayi osati kawiri, nchifukwa chake wina amangowonjezera turn imodzi poganiza kuti palibe kanthu kenako siteshoni zonse zasowa, kwatsala phokoso lokha.

Musanawotche ndi sodala palani vanishi kumapeto onse awiri ndi lezala mpaka kopa awale, apo ayi sodala sagwira. Miyendo ya koyilo, mapeto awiri aja, ikhale yaifupi, pa FM mwendo wautali nawonso umawonjezera inductance.

Yatsani wailesi. Mukatambasula koyilo frequency imakwera, mukaipanikiza imatsika, koma gwiritsani ntchito kamtengo ka machesi osati sikuludiraiva kapena chala, chitsulo ndi dzanja zimasokoneza zonse. Mawu akamveka bwino donthezeranipo phula la kandulo kuti isagwedezeke ngakhale wailesiyo ikwere minibasi ya ku Chirimba.