Inu muli kunja, ndalama mukutumizazo zimuphunzitseko mwana ntchito

Abale athu a ku Joni, ku Cape Town, ku UK, ku Ireland ndi kwina konse komwe mukusakako, nkhaniyi ndi ya ana omwe munawasiya kuno ku Lilongwe, aja analemba Fomu 4 koma mpaka pano angokhala pakhomo ku Kawale, ku Chinsapo, ku Area 25, kudikira meseji ya Mukuru mwezi ukatha. Ndalama ya chakudya ndi lendi ndiyofunika, palibe akutsutsa, koma imatha mwezi womwewo ndipo mwana amakhala ali pomwe analipo. Kalembera wa 2018 anaonetsa kuti pafupifupi theka la anthu m'dziko muno sanakwane zaka 18, ndiye ganizirani kuchuluka kwa anzake omwe akulimbirana nawo ntchito ya mu ofesi ndi MSCE yomweyo. Ine ndikuti pa ndalama mukutumizayo patulanipo gawo loti mwana aphunzire ntchito yamanja, akhale ndi pepala lake komanso zida zake.

Musanasankhe kosi muimbireni kaye mwanayo mucheze naye bwinobwino, osati kungolamula kuti iwe ukapange zamagetsi chifukwa mwana wa anzanu anapanga zomwezo. Wina amakonda kumasula mafoni, wina kusoka, wina kuphika, ndipo amene mwamukakamiza amasiyira panjira fizi itapita kale. Mukatero onaninso zomwe zikuyenda mu mzinda muno. Lilongwe ikumangidwa mbali zonse, ku Area 49, ku Airwing, njira ya ku Mchinji, njira ya ku Bunda, ndipo nyumba zambiri mwa zimenezo eni ake ndi inu nomwe muli kunjanu. Zonsezo zikufuna omanga, oika matailosi, a mapaipi, a zamagetsi, owotcherera mageti ndi mabagilabazi, ndipo ndi kuzimazima kwa magetsi kuja anthu ambiri akufuna sola koma odziwa kuika bwino osaotcha batire ndi ochepa.

Kophunzirira kulipo. Kuli Lilongwe Technical College, kuli Namitete Technical College njira ya ku Mchinji, kuli Don Bosco ku Area 23, kuli SOS, komanso makoleji a m'madera aja boma linayamba kutsegula mu 2015. Bungwe loyang'anira maphunziro amenewa ndi TEVETA, ndipo ikamafuna ophunzira atsopano imalengeza m'nyuzipepala ndi pa masamba ake, ndiye muuzeni mwana azitchera khutu, akonzeretu chiphaso cha unzika ndi pepala la zotsatira za mayeso lochokera ku MANEB. Malo othandizidwa ndi boma ndi ochepa, ofuna ndi ambiri, akalephera kusankhidwa musataye mtima, afunse ngati angalowe podzilipirira. Fizi funsani ya chaka chomwecho ku sukulu konko, chichokereni kugwa kwa kwacha ndi 44 peresenti mu Novembala 2023 mitengo yakale musamaidalirenso.

Apa ndiye ndikupemphani kwambiri, chenjerani ndi timasukulu tongotsegula mu chipinda chimodzi kuseri kwa shopu, chikwangwani chachikulu koma mkatimo kompyuta ziwiri ndi makina amodzi osokera ana makumi atatu. Funsani ngati sukuluyo inalembetsedwa ku TEVETA, ngati ndi ya madipuloma ndi madigiri funsani za NCHE, bungwe loyang'anira maphunziro apamwamba, ndipo tumizani munthu wamkulu, kaya achemwali anu kaya amalume a mwanayo, akaone ndi maso ngati ana akugwiradi zida kapena akungokopera manotsi. Ntchito yamanja saphunzira pa bolodi.

Fizi lipirani mwachindunji ku akaunti ya sukulu, risiti ayijambule akutumizireni pa WhatsApp, ndipo tengani nambala ya mphunzitsi mmodzi muzimufunsa mwezi ndi mwezi ngati mwana akubwera. Sindikunena kuti abale ndi akuba ayi, koma ndalama ikafikira pa Airtel Money kapena Mpamba ya munthu wa pakhomo tsiku lomwe kwagwa maliro kapena ufa watha, imapita kumeneko, ndipo palibe angamudzudzule, koma teremu ya mwana yapita basi.

Nanga amene MSCE sinamuyendere, kapena anasiyira Fomu 2? Ameneyo asakhale. Ku Mchesi kuli akalipentala ndi owotcherera omwe akhala pa ntchito zaka zambiri, ku Biwi kuli amakaniko, matelala ali msika uliwonse. Pezani mmisiri wodziwika bwino, wosaledzera pa ntchito, mugwirizane naye pamaso pa mboni kuti mwana akhala nthawi yaitali bwanji, aphunzira chiyani ndi chiyani, inu muzilipira zingati, chifukwa popanda kugwirizana koteroko mwana amatha chaka chonse akungotumidwa kukagula misomali ndi kutsuka masipanala. Akadziwa ntchito akafunse ku ofesi ya zantchito kapena ku TEVETA za mayeso a ntchito zamanja, kuti luso lakelo likhale ndi pepala. Makampani a ku Kanengo ndi makontirakitala akuluakulu amafunsa pepala. Wa zamagetsi adziwenso kuti kuwayira nyumba yoti ESCOM ilumikize kumafuna chilolezo cha MERA, bungwe loyang'anira za magetsi ndi mafuta.

Nthawi ya atachimenti, yokayeserera ntchito ku kampani, ndi pomwe ana ambiri amagwera. Malo ambiri salipira kapena amangopereka kangachepe, pomwe mwana akufunika thiransipoti tsiku ndi tsiku kuchoka ku Area 36 kukafika ku Kanengo, kuphatikizapo chakudya chamasana, ovolosi ndi nsapato zolimba. Ikani ndalama imeneyi mu bajeti kuyambira pachiyambi, chifukwa nthawi zambiri ntchito yoyamba imachokera komwe munthu anachitira atachimenti, abwana atamuona kuti amafika nthawi yabwino ndipo zida sizisowa m'manja mwake.

Zida ndiye mbali yomwe inu muli kunja mungathandize kuposa wina aliyense. M'malo mwa foni yodula ndi nsapato za fashoni, tumizani giraindala, dirilu, makina owotcherera ang'onoang'ono, makina osokera, kapena laputopu yogwiritsidwapo kale ntchito kwa amene akuphunzira zamakompyuta. Koma kumbukirani kuti magetsi a kuno ndi 230V ndipo mapulagi ndi a mano atatu ngati a ku UK, ndiye chida cha ku America cha 110V chikangolumikizidwa popanda thiransifoma chimapsa pomwepo, za ku Joni zimagwira bwino kungosintha pulagi. Mukamatumiza pa basi kapena ndi amatiransipota, sungani marisiti ndipo muwerengeretu msonkho wa MRA pa chipata cha Dedza kapena Mwanza, katundu asakakhale pa boda mwana akudikira.

Pali zina zomwe sukulu siphunzitsa mokwanira koma inu mwaziona kunjako, kusunga nthawi, kuyankha foni ya kasitomala mwaulemu, kulemba koteshoni yomveka, kusiyanitsa ndalama ya zipangizo ndi phindu, kumaliza ntchito tsiku lomwe unalonjeza. Muphunzitseni zimenezi pa foni pomwepo. Ngati mukumanga nyumba kuno mupatseniko gawo, alembe koteshoni ngati kwa mlendo, mumulipire ngati mmisiri, akalakwitsa abwereze, ndipo ajambule ntchito yake azionetsa ena pa Facebook. Atsikana musawatsekere ku zosoka ndi saluni zokha, alipo akuphunzira zamagetsi, mapaipi ndi umakaniko ndipo akuchita bwino.

Ambiri mumafuna kungomuitana mwana abwere komwe muliko. Inu nomwe mukudziwa mmene amavutikira munthu wofika ku Joni opanda luso ndiponso opanda mapepala, ndiye ngati ulendo ulipo ayambe wamaliza kosi, atenge pasipoti yake m'njira yoyenera, ndipo ku South Africa setifiketi yakunja imayenera kuunikidwa ndi bungwe loona za masetifiketi la SAQA kuti olemba ntchito ndi a zamavisa aivomereze. Ma ejenti a pa WhatsApp olonjeza ntchito kunja ofuna ndalama patsogolo akaneni, tonse tinamva zomwe anakumana nazo azimayi athu omwe anapita ku Oman kukagwira ntchito zam'nyumba. Kalata iliyonse ya ntchito yakunja mwana apite nayo kaye ku Unduna wa Zantchito ku Capital Hill akafunse ngati ejentiyo amadziwika, asanapereke pasipoti kapena ndalama kwa munthu.