Mwana Akasowa: Zomwe Apolisi ndi Khoti Adzafune kwa Inu

Mwana akasowa, pitani mukanene kupolisi nthawi yomweyo. Musadikire kuti papite maola 24. Tengani chithunzi chake chaposachedwa, fotokozani zovala zomwe wavala, ndipo ngati khoti linagamula kale za yemwe azimusunga, perekani chikalata cha chigamulocho. Popanda chikalata, apolisi amavutika kulowererapo ngati wamutenga ndi kholo linalo.

Akapezeka, ogwira ntchito zoteteza ana amacheza naye payekha, nthawi zina amapita naye kuchipatala. Chonde musamuphunzitse zokanena. Zikadziwika kuti mawuwo ndi ophunzitsidwa, zimenezi zimakuipirani inuyo kukhoti. Woweruza amayang'ana zokomera mwanayo: anasowa bwanji, ankamuyang'anira ndani, panyumba pali chitetezo chotani. Sungani mauthenga onse a pafoni, mulembenso tsiku ndi nthawi yomwe munakanena.