Chikondi ndi ngozi zikamayenda padera m'buku

Vuto linali pakati pa buku la nkhani lomwe ndinkakonza, kuyambira mutu 9 mpaka 16. Mutu uno mwamuna ndi mkazi a m'nkhaniyi akukondana, wotsatira chigawenga chikuwasaka, kenako tabwereranso kuchikondi. Wowerenga akanatha kudumpha mitu yachikondiyo osaphonya kanthu, ndipo zikatero nkhani yazizira.

Ndinadula timapepala 40, kamodzi pa chochitika chilichonse, n'kulembapo mayankho awiri: chasintha n'chiyani pakati pa okondanawa, nanga ngozi yakula bwanji. Kapepala ka yankho limodzi kankapita pambali, ndipo totere tinakwana 10. Zochitika zinayi ndinazifufutiratu, zisanu ndi chimodzi zotsalazo ndinaziphatikiza ziwiriziwiri. Mkangano wa nsanje, womwe unkachitikira pabalaza tiyi ali patebulo, tsopano uli m'galimoto usiku, mwamuna akuyankha mwachidule chifukwa maso ali pagalasi, kuyang'ana nyali zomwe zawatsatira kuchokera pomwetsera mafuta. Mkazi akuganiza kuti akumunyoza.

Chinsinsi cha mwamunayo ndinachichotsa kumapeto n'kuchiika pa mutu 12, kuti mkazi ayambe kukayikira munthu yekhayo amene angamuteteze. Apa samalani. Mukasuntha chinsinsi, werenganinso mitu yonse yotsatira, apo ayi mkaziyo adzadabwa pa mutu 20 ndi nkhani yomwe anaimva kale.